Ndalama zakale za m'kachitini: tidziwa bwanji kuti iyi ikadali bwino, iyi yatha?

Bambo a Tadala: Moni nonse pa gulu pano. Ndili ndi nkhani mundithandize, makamaka aPhiri poti ndinamva kuti inu mumasunga ndalama zakale. Timakonza denga la nyumba ya malemu agogo kuno ku Lizulu nde tapeza kachitini ka tiyi katabisidwa pamwamba pa khoma, mkatimo ndalama zachitsulo zokhazokha, zina za bowo pakati zina zamutu wa mfumukazi zina za Kamuzu. Agogowo anapitako ku Wenela kalekale. Pali ina yokulirapo yalembedwa Rhodesia and Nyasaland 1955 two shillings, kuseri kwake kuli nkhwazi yagwira nsomba. Mkulu wina pa msika wandiuza kuti mtengo wake umatengera giredi ati VF kaya EF kaya chani, ine zandipita pamwamba. Ndaponya zithunzi ziwirizo, tandiuzeni iyi ili pati

aNangozo: Eeeh koma mwandikumbutsa kutali achimwene. Amayi anga makobidi a bowowo amawatunga pa chingwe nkumanga m'chiuno popita ku chigayo

Kabaza wa pa Chimbiya: Amwene musauze anthu ambiri, zimenezo ndi mamiliyoni. Pali anthu amazifuna kwambiri za bowozo ati muli mankhwala mkati

aPhiri a ku Bembeke: Zikomo bambo a Tadala. Choyamba ndisanayankhe za giredi, chonde chonde musatsuke ndalama iliyonse mwa zimenezo. Osati phulusa, osati mandimu, osati sitiwulu, ngakhale kupukuta ndi malaya ayi. Zisiyeni momwe mwazipezeramo ndipo muzigwira m'mbali mokha ndi zala ziwiri, osakhudza nkhope yake chifukwa thukuta la m'manja limasiya chidindo cha chala chomwe sichichokanso. Chachiwiri zithunzi mwajambulazi sizingatithandize, mwayatsa fulashi nde kuwala kwaphimba zonse. Tulukani pakhonde pamthunzi, ikani ndalamayo pa nsalu yakuda, kuwala kuzichokera mbali imodzi, mujambule kumaso, kuseri komanso m'mphepete mwake muja muli timizere

Bambo a Tadala: Chabwino aphunzitsi ndijambulanso. Koma yasiliva ina mphwanga anaikwecha kale dzulo ndi phulusa ati aone chaka bwinobwino, ikuwala mbee

aPhiri a ku Bembeke: Mayo ine. Imeneyo tikambirana pambuyo, muiike payokha. Mumuuze mphwanuyo asakhudzenso zinazo

Wa ku Joni: Madala aPhiri akunena zoona. Kuno ndinalowapo mu shopu ya ndalama zakale, mwini wake akangoona kuti ndalama ikuwala modabwitsa amatenga kagalasi kokuza zinthu, akaona timikwingwirima tating'onoting'ono toyenda mbali imodzi amangokubwezera osanena zambiri. Yakuda yosakhudzidwa amailandira ndi manja awiri

Mayi a Chikondi: Koma ine sindikumvetsa, chinthu choyera chikhala bwanji chotsika kuposa chakuda? Ifetu tinaleredwa kuti chinthu ukafuna kugulitsa uyambe wachitsuka

aPhiri a ku Bembeke: Funso labwino mayi. Ndalama ikamapangidwa ku fakitale chitsulo chimapanidwa ndi mphamvu yaikulu pakati pa zidindo ziwiri, nde chitsulocho chimayenderera kuchoka pakati kupita m'mphepete nkusiya timizere tosaoneka ndi maso. Timizere timeneto ndi tomwe timapangitsa kuti ndalama yatsopano ukaipendeketsa pa dzuwa kuwala kuzizungulira ngati masipoko a njinga ikamayenda. Khungu limenelo ndi lopyapyala zedi, likachoka lachoka, palibe mmisiri angalibwezeretse. Phulusa limawalitsa inde koma kuwala kwake ndi kwakufa, kumangoti phaa paliponse osazungulira. Nde wodziwa akamayesa ndalama sakufunsa kuti ndi yoyera bwanji, akufunsa kuti pa zomwe inatuluka nazo ku fakitale zatsalapo zingati. Kuda kwa zaka kuja sikuchotsa kanthu, kumangophimba. Kukwecha kumachotsa

Mayi a Chikondi: Oooh tsopano ndamva

Bambo a Tadala: Nazi zithunzi zatsopano, ndajambulira pakhonde ngati mwanenera. Zitatu

Wa ku Joni: Kwa ine iyi ndi EF ndithu. Onani zilembo zonse zili gwa, chaka chikuwerengeka, nthenga za m'mapiko a nkhwazi zikuoneka imodziimodzi, m'mphepete simunaphwanyike

aPhiri a ku Bembeke: Ayi achimwene tisathamange. Zilembo ndi chaka zimakhala zomaliza kutha chifukwa zimatetezedwa ndi kamkombero kokwera ka m'mphepete kaja. Ndalama yotha kwambiri imathanso kukhala ndi zilembo zowerengeka. Poyang'ana timayambira pamalo pomwe patukuka kwambiri chifukwa ndi pomwe pamayamba kukhudzana ndi zala, matumba ndi ndalama zinzake. Pa mutu wa mfumukazi Elizabeth uwu, womwe unajambulidwa ndi mayi Mary Gillick, mfumukaziyo sinavale chisoti chachifumu koma nkhata ya masamba. Nde yang'anani masamba a nkhatayo, tsitsi lomwe lili pamwamba pa khutu, tsaya ndi phewa. Pa chithunzi chachiwiri cha bambo a Tadala masamba apakati aphwatalala, mtsempha wapakati pa tsamba sukuonekanso, tsitsi la pamwamba pa khutu lasanduka chigamba chimodzi chosalala. Kuseri pachifuwa pa nkhwazi napo pasalala ngakhale mapiko ali bwino. Imeneyo ndi VF, yabwino ndithu koma VF

Wa ku Joni: Koma madala mutu umenewu ndimadziwa kuti unali wosazama chipangire, ngakhale pa ndalama zatsopano tsitsi silimatuluka kwambiri. Mwina sikutha koma chidindo sichinagwire bwino

aPhiri a ku Bembeke: Pamenepo mwakhudza nkhani yeniyeni ndipo ndi pomwe ngakhale akatswiri amakanganirana. Ndi zoona mutu umenewu ndi wosazama, ku Britain komweko ndalama za 1953 anthu anadandaula nazo mpaka anakonzanso chidindo. Koma pali njira yosiyanitsira. Malo omwe chidindo sichinagwire bwino amakhala osalala inde koma khungu lija likadalipo, mtundu wake ndi umodzimodzi ndi malo ozungulira ndipo ukapendeketsa kuwala kumadutsa osadukiza. Malo otha chifukwa choyenda m'manja amasintha mtundu, amakhala otuwa pang'ono, kuwala kukafika pamenepo kumaduka nkukayambiranso patsogolo. Bambo a Tadala tatengani tochi ya pa foni, lowani m'nyumba mwa mdima pang'ono, muunikire chammbali uku mukupendeketsa ndalamayo pang'onopang'ono, mutiuze kuwala kozungulira kukuoneka pati

Bambo a Tadala: Ndayesa aphunzitsi. Kukuoneka pang'ono pokha pakati pa zilembo ndi m'munsi mwa mapiko muja mobisika, koma pabwalo ponse kutsogolo kwa nkhope palibe, ndi potuwa basi komanso pali timabala tambiri tating'ono

aPhiri a ku Bembeke: Basi yayankha yokha. EF imafunika kuti kutha kukhale pa nsonga zokha ndipo kuwala koyamba kukhale kukadalipo pamalo ambiri. Yanuyi yayenda m'misika ndithu isanalowe m'chitini. Ine ndingailembe VF yamphamvu

Wa ku Joni: Ine ndikadali pakati, chifukwa aku America akanatha kuipatsa 35 kapena 40

aNangozo: Tsono manambala achokeranso kuti abale, tatifotokozereni bwino ife osadziwafe

aPhiri a ku Bembeke: Pepani mayi Nangozo tinathamanga. Masitepe ake amayenda chonchi kuchoka pansi. Pansi penipeni pali ndalama yoti wangozindikira chabe kuti ndi ndalama yanji. Kenako Good, yomwe mutu umangooneka mthunzi wokha opanda tsitsi opanda diso labwino. Kenako Very Good, kenako Fine pomwe zikuluzikulu zonse zilipo koma zing'onozing'ono zambiri zapita. VF ndi Very Fine, zambiri zilipo koma malo otukuka asalala. EF kapena XF ndi Extremely Fine, yangoyenda pang'ono. Pamwamba pake pali Uncirculated, yomwe sinagulepo kanthu chiyambire. Manambala akunena achimwene a ku Joniwo ndi sikelo ya 1 mpaka 70 yomwe anayambitsa William Sheldon ku America mu 1949. Pa sikelo imeneyo VF imayambira 20 kufika 35, EF ndi 40 ndi 45, kuyambira 50 mpaka 58 ndi yotsala pang'ono kukhala yatsopano, 60 mpaka 70 ndi yosayendapo. Nde 35 ndikuvomera, 40 ayi. Komanso dziwani kuti ogulitsa a ku Britain amakhala okhwimitsa kuposa a ku America, yomwe wa ku America akuti EF wa ku London atha kunena kuti ndi VF yabwino chabe. Ndalama zathu za chitaganya cha Rhodesia and Nyasaland zija ambiri ozifuna amatsata kayesedwe ka ku Britain

Kabaza wa pa Chimbiya: Zonsezo tamva koma funso ndi lakuti ndi zingati. Ine ndinamva kuti wina ku Golomoti anagula galimoto ndi khobidi limodzi la bowo

Mayi a Chikondi: Munamuona ndi maso anu kapena munangomva? Nkhani zimenezi zapweteketsa anthu, mlamu wanga anagulitsa mbuzi ziwiri kulipira munthu wina ati ndalama yoyezera khobidi lake pa makina, munthuyo mpaka lero foni yake siikupezeka

aPhiri a ku Bembeke: Achimwene a pa Chimbiya ndikupempheni mwaulemu, nkhani imeneyo musamaifalitse. Khobidi la bowo la Rhodesia and Nyasaland ndi mkuwa wosakaniza basi, lili ndi njovu ziwiri, hafu peni yake ili ndi akadyansonga awiri, mulibe mankhwala mulibe golide mulibe chilichonse chobisika. Anapanga ambirimbiri chifukwa amagwira ntchito m'maiko atatu, kuno ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia komwe ndi Zambia lero ndi ku Southern Rhodesia komwe ndi Zimbabwe, ndipo chitaganyacho chinakhala kuyambira 1953 mpaka 1963. Munthu aliyense wokuuzani kuti muyambe mwalipira kuti akuyezereni kapena akupezereni wogula ndi wakuba. Tu sheleni ya bambo a Tadala nayo si siliva, ndi mkuwa wosakaniza ndi nikelo, ndipo ya VF si yosowa. Ingagulidwe ndi wosonkhanitsa inde koma ndi ndalama yochepa, osati yosintha moyo. Ndikunena poyera chonchi kuti pasakhale wina m'banja mwawo woganiza kuti mnzake wabisa mamiliyoni, maliro ambiri amasiya chidani pa zinthu ngati zimenezi

Bambo a Tadala: Mwalasa aphunzitsi, azakhali anayamba kale kufunsa dzulo kuti zawerengedwa zingati

Wa ku Joni: Ndionjezere apa. Kuli makampani a ku America oyesa ndalama, PCGS yomwe inayamba 1986 ndi NGC ya 1987, amaiyang'ana nkuitsekera m'kabokosi ka pulasitiki kolembedwa giredi. Koma kulipira kwake ndi kutumiza kwake kungapose mtengo wa ndalama ngati iyi kutalitali, nde osavutika nazo. Ndipo yokwechedwa saipatsa nambala, amangolemba kuti inatsukidwa

Bambo a Tadala: Nanga yomwe anakwecha mphwangayo? Nayi. Yalembedwa Southern Rhodesia 1935 one shilling, mfumu yandevu yavala chisoti, kuseri kambalame kakhala pa mwala

aPhiri a ku Bembeke: Imeneyo ndi George V ndipo kambalameko ndi mbalame ya mwala ya ku Great Zimbabwe. Ndalama za Southern Rhodesia zinkayenda kuno chitaganya chisanabwere. Za zaka zimenezo ndi siliva weniweni, magawo 925 pa 1000, kenako cha m'ma 1944 anatsitsa kufika theka, kuyambira 1947 siliva anachokamo. Sheleni imalemera magalamu 5.66 ikakhala yatsopano nde siliva wake ndi magalamu 5 ndi pang'ono. Pa mutu uwu timayang'ana lamba wa chisoti pomwe pali timiyala ndi timikanda, ndevu ndi masharubu. Ndikuona lamba wa chisoti akuonekabe mbali zonse koma pakati pafufutika, nde isanakwechedwe inali Fine yabwino mwina kuyandikira VF. Panopa tingoti Fine yotsukidwa. Chomwe chimandiwawa ndi chakuti m'chitini monsemo mwina iyi ndi yomwe ikanakopa wosonkhanitsa. Komabe silivayo sanapite, mtengo wa chitsulo chake ulipobe, musaitaye mtima ndipo musaikwechenso pofuna kukonza

aNangozo: Ine ndili ndi tiki yomwe agogo anga aakazi a ku Nsipe anaiboola nkuika pa mkanda, inali ya ku Joni ili ndi duwa. Imeneyo giredi yake ndi chani

aPhiri a ku Bembeke: Mayi, bowo la ku fakitale ngati la khobidi lija ndi mbali ya ndalamayo, silichotsa kanthu. Koma bowo loboola munthu ndi msomali kwa osonkhanitsa ndi chilema chachikulu, chimodzimodzi yopindika, yowotcherera kapena yolembedwa dzina ndi mpeni. Amayesabe kutha kwake koma amaonjeza mawu akuti yoboola ndipo mtengo umagwa kwambiri. Ine ndikanakhala inu sindikanaichotsa pa mkandapo. Ili ndi ntchito ina kale, ndipo mkanda wonsewo pamodzi ndi tikiyo ukunena zambiri za agogo anu kuposa tiki payokha

aNangozo: Sindingagulitse ndi kale, ndimangofuna kudziwa. Ndidzampatsa mwana wanga wamkazi

Kabaza wa pa Chimbiya: Nanga zoti uyese ndi maginito? Ati yeniyeni imakana maginito

Wa ku Joni: Zimatengera ndalama yake amwene. Siliva, mkuwa ndi zija za mkuwa wosakaniza ndi nikelo sizimata ku maginito, nde tu sheleni ya 1955 ikamata dziwani kuti pali vuto. Koma ma 5c, 10c, 20c ndi 50c a ku South Africa a 1965 mpaka 1989 ndi nikelo yekhayekha ndipo amamata bwinobwino chonsecho ndi enieni. Agogo a ku Wenela ambiri anabwera nazo zimenezo chifukwa anthu amapitabe mpaka 1974 pomwe Kamuzu analetsa ndege yonyamula anthu a Wenela itagwa ku Francistown ku Botswana. Njira yabwino ndi sikelo ya magalamu, tu sheleni iyenera kukhala pafupi ndi 11.3, yotha imapepukako pang'ono chabe

Bambo a Tadala: Zoonadi zilimo za South Africa, komanso zina zalembedwa Moçambique ndi Republica Portuguesa

aNangozo: Amenewo ndi maesikudo, ku Lizulu ndi ku Biriwiri sizachilendo poti Mozambique ndi kungodumpha msewu. Makolo athu amagula nazo kutsidyako

aPhiri a ku Bembeke: Eya, anasiya kugwira ntchito 1980 pomwe kunabwera metikali. Muziike pazokha tidzazione tsiku lina. Ine chidwi changa chili pa za Kamuzu, tandiuzeni zaka zake

Bambo a Tadala: Pali za 1964 zinayi, ina ya tambala wakuda uja, ina ya chimanga, ziwiri za njovu. Zina ndi za 1971 ma 10 tambala ndi ma 20 tambala. Imodzi ya njovu ya 1964 inali yokulungidwa m'kapepala payokha ndipo ikuchita kuzungulira kuwala kuja mumanena

aPhiri a ku Bembeke: Imeneyo ndiye muigwire ngati dzira. Za 1964 ndi ndalama zoyamba za Malawi titangolandira ufulu, ya tambala ndi sikisi, ya chimanga ndi sheleni, ya njovu ndi tu sheleni, kunalinso hafu kolona. Mu 1971 titasintha kupita ku kwacha ndi tambala sheleni inafanana ndi 10 tambala, tu sheleni 20 tambala, nchifukwa chake zithunzi za chimanga ndi njovu zinapitirira. Pa mutu wa Kamuzu muyang'ane tsaya, khutu ndi tsitsi la pamwamba pa khutu, kuseri muyang'ane khutu ndi msana wa njovu yaikulu. Ngati pamenepo palibe kutuwa ndipo kuwala kukudutsa osaduka ndiye kuti sinayendepo. Timabala ting'onoting'ono tochita kugundana ndi zinzake m'thumba la ku banki sitiichotsa pa gulu la zosayenda, timangoitsitsa pang'ono mkati mwa gulu lomwelo. Koma kutha ngakhale pang'ono pa tsaya kumaitulutsa. Anthu ambiri amaganiza kuti yakale kwambiri ndi yomwe ili ndi mtengo, koma kawirikawiri yachaka chapafupi yosayendapo imaposa yakale yotha

Mayi a Chikondi: Nanga kusunga kwake? Kuno ku Dedza ndi chinyezi chathuchi chilichonse chimachita nguwi nthawi ya chiperoni

aPhiri a ku Bembeke: Chinyezi ndiye mdani wa makobidi a mkuwa. Mukaona ufa wobiriwira wotumphuka pa khobidi, limenelo likudyeka ndipo lichotseni pakati pa anzake msanga. Kuda kosalala kofiirira si vuto, ndi zaka chabe. Iliyonse ikhale m'kaenvulopu kake ka pepala kouma, mulembe kunja dzina chaka ndi giredi yomwe mukuganiza. Mapulasitiki ofewa aja onunkha osaikamo, pakapita nthawi amatulutsa zonanda zobiriwira. Osamata selotepi, osamanga ndi labala. Muike m'chitini chouma pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi timapezeka m'mabokosi a nsapato tija, ndipo chitinicho chisakhale kukhitchini kwa utsi kapena pansi pa simenti

Bambo a Tadala: Makobidi atatu ali ndi zobiriwirazo, limodzi kwambiri mpaka njovu imodzi sikuoneka

Wa ku Joni: Limenelo lapita amwene, likachoka dothi mupeza maenje. Awiri enawo mujambule tione

aPhiri a ku Bembeke: Osawapala ndi singano. Loweruka likubwerali ndikhala pa Dedza boma m'mawa, ndibwera ndi kagalasi kanga kokuza ka 10 ndi kasikelo. Mukwere minibasi mubwere nazo zonse koma ya 1964 ija mukulunge payokha isagundane ndi zinzake m'njira. Azakhali anuwo ngati angathe abwere nawo adzaone okha

Kabaza wa pa Chimbiya: Inenso ndibwera ndi awiri anga a bowo mudzandionere madala

aPhiri a ku Bembeke: Bwerani nawo, koma musawatsuke

Wa ku Joni: Mukaiona ndi kagalasi tu sheleni ija mudzaponye chithunzi cha tsitsi la pamwamba pa khutu pafupi kwambiri, ine pa 40 paja sindinachokepo